Timaluwa ta m'mapiri a ku Ulaya: mu Epulo tikataonere kuti?

NaPhiri_Leicester
Abale, ndithandizeni nzeru. Kuntchito andipatsa sabata yopuma kuyambira pa 14 Epulo, ndipo amayi anga ali kuno mpaka kumapeto kwa Meyi. Iwowa ndi munthu wa maluwa. Kwathu ku Zomba khonde lonse ndi zitini, mpaka zidebe zakale za penti ndi poto wobooka, chilichonse adzalamo kanthu. Chibwerereni mu Januwale angokhala pawindo kuonerera mvula. Ndiye ndinati ndiwatengere ku Switzerland akaone timaluwa tija ta buluu tomera m'ming'alu ya miyala. Dzulo ndafufuza munda wa ku Schynige Platte, ndapeza kuti ngakhale sitima yokwera kumeneko siyenda mpaka Juni. Wa ku Lautaret ku France, chimodzimodzi. Nanga si amati timaluwa timeneti ndi ta spring? Spring yake iti? Amene munapitako ndiuzeni, ndisanataye ndalama.

Chitedze77
Ndalama zandege kukaona udzu? Koma anthu muli nazo.

Mbewe_wa_ku_Leith
Achemwali, simunalakwitse, kungoti nyengoyi sifika tsiku limodzi paliponse. Imayambira kuchigwa n'kumakwera phiri pang'onopang'ono. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono, monga momwe munthu amachokera ku Chikwawa ali thukuta kamukamu n'kufika ku Blantyre akufuna juzi. Lautaret ali pa mamita 2,100, Schynige Platte pafupifupi 2,000. Mu Epulo malo amenewo akadali pansi pa sinowo. Maluwa ake amadzuka mu Juni, ndipo chimake ndi Julayi.

Koma mitundu yomweyo, ikadzalidwa m'minda ya kumunsi kuno, imachita maluwa mu Malichi, Epulo ndi Meyi. Ndiye pa deti lanulo musavutike ndi mapiri a Alps, komwe kuli minda iwiriyo. Bwerani ku Edinburgh. Royal Botanic Garden kulowa ndi ulele, ndipo munda wawo wa pamiyala, womwe unayamba mu 1871, ndi umodzi mwa yotchuka kwambiri. Mukakwera basi nambala 23 kapena 27 m'tauni mutsike pa Inverleith Row, mulowere pa East Gate, miyalayo muiona posachedwa. Pakati pa Epulo mupeza saxifraga, primula, pulsatilla wa ubweya uja, ndipo ngati mwayi uli nanu gentian wanu wa buluuyo atayamba kutsegula.

Nachisale_Luton
Ndisanaiwale: amayi ali pa viza ya alendo ya ku UK eti? Ndiye za Switzerland iwalani ngakhale kukanakhala kopanda sinowo. Kumeneko kumafunika viza ya Schengen, ndipo lamulo lake ndi lakuti munthu afunsire m'dziko lomwe amakhala, osati komwe wangobwera kudzacheza. Inu nokha mukhoza kufunsira kuno, mayuro 90, koma amayi akanayenera kuyambira kumudzi.

NaPhiri_Leicester
Mayo ine. Zimenezo sindinaziganizire n'komwe. Zikomo asisi, mwandipulumutsa.

Mnyamata_wa_Likhubula
Ine ndikugwirizana ndi a Chitedze pang'ono. Anthu mumauluka kukagwadira timaluwa tonga mabatani a malaya, pomwe phiri la Mulanje lili phee kwanu komweko. Sapitwa ndi mamita 3,002, kuposa minda yonse mwatchulayi. Kwerani ku Lichenya kapena ku Chambe mvula ikamatha, muone maluwa ouma aja osafota, muone cheyo pamathanthwe. Ndi angati mwa inu anagonako m'nyumba za paphiri zija? Koma ku Switzerland ndiye aliyense akukudziwa.

Chitedze77
Auzeni akulu.

NaPhiri_Leicester
Achimwene, amayi anga ali ndi zaka 68 ndipo ali ku Leicester. Ndiwakweze Chambe bwanji kuchokera pano?

GogoWaMaluwa
Ana inu musakangane, nkhani ziwirizi ndi pachibale. Ine ndakhala ku Glasgow zaka zambiri ndipo ku Edinburgh ndimapita chaka chilichonse ikafika nyengo imeneyi. Mwana wanga NaPhiri, ukafika usangothera panja. Ufunse komwe kuli Alpine House. Ndi nyumba yagalasi koma satenthetsamo ayi, mawindo amakhala otsegula, mphepo ikuwomba ngati panja pomwe. Poyamba ndinkadabwa kuti nanga galasilo ndi lachiyani. Galasilo ndi ambulera. Timaluwa timeneti kuzizira sititiopa, timaopa chinyezi. Kwawo kuphiri timagona miyezi yambiri titafunda sinowo ngati bulangete, ndipo pansi pa sinowo n'pouma. Kuno ku Britain nyengo yozizira ndi mvula yokhayokha, ndiye tikasiyidwa panja timaola pakhosi, pamene tsinde limakumana ndi dothi.

Chaka china ndinaima nthawi yaitali pa kamodzi kotchedwa Dionysia, kochokera m'mapiri a ku Iran. Kanali m'mphika wadothi, kozungulira ngati mtanda wa nsima, pamwamba ponse timaluwa tachikasu tothithikana moti tsamba silimaoneka. Mphikawo anaukwirira mumchenga mpaka m'khosi. Mnyamata wosamalira anabwera ndi kopanira konga kozulira nsidze, n'kumachotsa timaluwa tofota kamodzikamodzi. Madzi sanathire pa duwalo, anathira mumchenga wa m'mbali kuti mphika uziyamwa wokha. Ndinamufunsa chifukwa, akuti dontho likatsakamira pakati pa kamtandako, kaola. Ndinakumbuka agogo anga momwe ankasamalirira nazale ya fodya.

Uwauze amayi avale nsapato zosaterera ndipo asathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu wothamanga amatuluka m'munda umenewu akunena kuti angoona miyala.

Kabaza_wa_ku_Joni
Kkkkk mtanda wa nsima wa maluwa. Ndiwo zake ziti agogo?

GogoWaMaluwa
Iwe mwana, njala yakoyo idzakupititsa kutali.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndilowererepo pa mawu a mnyamata wa ku Likhubula, chifukwa pali kanthu koyenera kukonza. Phiri kutalika sikuti basi zomera zake ndi za gulu limeneli. Akatswiri akamati alpine amanena zomera za kumtunda kopitirira pamene mitengo imalekera chifukwa cha kuzizira. Ku Alps malire amenewo ali cha m'ma mamita 2,000. Kufupi ndi equator ali pamwamba kwambiri, ndiye kuti mupeze zenizeni za mtundu umenewu mu Africa muyenera kupita ku Kilimanjaro, Mount Kenya kapena Rwenzori. Ndipo kumeneko zinthu zinatembenuka: m'malo mokhala ting'onoting'ono, lobelia ndi senecio za kumeneko ndi zimphona zotalika kuposa munthu. Chifukwa chake n'chakuti kulibe miyezi yogona pansi pa sinowo. Usana uliwonse kumatentha, usiku uliwonse madzi amaundana, chaka chonse. Zina mwa izo zimafumbata masamba usiku ngati kabichi kuteteza nsonga, m'mawa n'kutambasula.

Za ku Ulaya zinasankha njira ina: kudzipanikiza pansi kuti mphepo idutse pamwamba, mizu yaitali yolowa m'ming'alu, ndi kuchita maluwa mwamsangamsanga chifukwa nyengo yake ndi ya masabata owerengeka. N'chifukwa chake duwa limaoneka lalikulu kuposa mwini wake.

Mulanje ndi wokongola ndipo ali ndi zomera zosapezeka kwina kulikonse padziko, koma ndi nkhani ina.

Mnyamata_wa_Likhubula
Aphunzitsi, ndamva, koma mwangondipatsa mfundo. Ngati zathu sizipezeka kwina kulikonse, bwanji sitizisamala ngati momwe azunguwo akuchitira ndi kopanira nsidze? Mkungudza ndi mtengo wa fuko lathu. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse. Ine ndakula ndikumva fungo la matabwa ake akutsika pamitu ya anthu m'bandakucha. Pano akudzala mbande zambirimbiri, inde, koma moto wa osaka nyama chaka ndi chaka ukuzipsereza.

Mbewe_wa_ku_Leith
Pamenepo palibe angakutsutseni. Ndipo dzina la sayansi la mkungudzawo, Widdringtonia whytei, likuchokera kwa Alexander Whyte, munthu wa ku Scotland yemweyo amene anayambitsa munda wa zomera wa ku Zomba m'zaka za m'ma 1890. Achemwali NaPhiri, amayi anu akuudziwa bwino munda umenewo, wa m'mbali mwa Mulunguzi. Muwauzenso izi mukamalowa pageti ku Edinburgh: khofi woyamba ku Blantyre Mission anachokera m'munda wa ku Edinburgh womwewo mu 1878, atanyamulidwa ndi wolima dimba wa mishoni, Jonathan Duncan. Ndiye sakupita kwa alendo kwenikweni, akupita kuchimuna kwa khofi wathu.

NaPhiri_Leicester
Ndawawerengera zimenezi, aseka mpaka kutsokomola. Akuti ndiye akawafunse ngati anabweza mbewu.

Dada_wa_Rumphi
Mukamatchula Mulanje musaiwale Nyika. Mitundu ya ma orchid kumeneko ndi pafupifupi 200, ndipo nthawi yake ndi Januwale ndi Febuluwale, mvula ili pakati, msewu uli matope okhaokha. Alendo ambiri amabwera m'chilimwe kudzaona mbidzi, maluwawo osawaona.

MwanaWaKuChipata
Ma orchid amenewo si omwe timadya ife? Chikanda! Timizu take tonga mbatata, kusinja, kusakaniza ndi nsinjiro ndi soda, tsabola pang'ono. Musandikumbutse, kuno ku Manchester ndachisowa.

Dada_wa_Rumphi
Omwewo, kwathu timati chinaka. Ndipo ndi inu a ku Zambia mukutimalizira. Poti kwanu anakumba n'kutha, tsopano matumba akuchokera ku Nyika ndi kum'mwera kwa Tanzania. Ukakumba kamuzuko duwalo latha basi.

MwanaWaKuChipata
Aa dada, ngati inu simudya.

Chitedze77
Tsopano nkhani yafika pabwino. Maluwa odyedwa ndiye ndimawamva.

Nachisale_Luton
Tabwererani kwa mayi wa ku Zomba, anthu inu. NaPhiri, ngati Edinburgh yatalika, London ili pafupi. Ku munda wa zomera wa Kew kuli Davies Alpine House yomwe anatsegula mu 2006. Maonekedwe ake ndi achilendo, yayitali mamita 10 koma yopapatiza, ngati mauta awiri oimika. Anaimanga choncho kuti mpweya wotentha uzikwera n'kutulukira pamwamba, wozizira uzilowera pansi utadutsa m'tinjira ta konkire tokumbidwa kunsi. Pafupi pomwepo pali munda wa pamiyala wa mu 1882, ndipo anaugawa motsata zigawo za dziko, ndiye umayenda kuchokera ku Ulaya kupita ku Asia ndi mapazi. Vuto la Kew ndi mtengo wa tikiti, ndipo ndi wamkulu kwambiri, amayi akhoza kutopa musanafike n'komwe pamiyalapo. Mukwere sitima ya District line mpaka Kew Gardens.

Mlimi_wa_pa_Khonde
Ine Kew sindimukonda pa nkhani ya timaluwa timeneti. Anthu amachuluka, ndege zopita ku Heathrow zili pamutu mphindi iliyonse. Munda wa Wisley, kufupi ndi tauni ya Woking, ndiye kwanga. M'nyumba yawo yagalasi amasinthasintha miphika, chomwe chafota amachotsa n'kuika chomwe chatsegula, ndiye supeza malo opanda maluwa. Panja pali munda womwe miyala yaphanthiphanthi anaiimika chammbali mothithikana, ngati mabuku pa shelefu, timaluwa n'kumamera m'mipatamo. Luso limenelo analitchukitsa ndi anthu a ku Czech Republic. Muzu umatsata mng'alu kupita pansi kozizira, pomwe khosi la chomeracho lili pouma. Ndinakajambula, ndinabwera n'kuyesa m'beseni lakale ndi zidutswa za matailosi ndi kwale wosalala. Saxifraga wanga ali chaka chachitatu.

Koma pali kamtsetse ka udzu kodzaza timadafodili ting'onoting'ono tachikasu, ameneyo pa 14 Epulo mukhoza kumupeza akutha. Ndi wa Malichi.

Nachisale_Luton
Wisley wopanda galimoto ndi chintchito, musawanamize.

Mlimi_wa_pa_Khonde
Basi ilipo yochokera ku Woking, kungoti muone nthawi zake musananyamuke.

Mphunzitsi_Wopuma
Nonse mwadumpha Cambridge. Kuchokera ku Leicester sitima imapita yokha osasintha, ndipo munda wa yunivesite uli pafupi ndi siteshoni, kuyenda pang'ono chabe. Uli ndi gawo la miyala ya laimu m'mbali mwa kanyanja, ndipo malo ake ndi osalala, abwino kwa munthu wamkulu. Ndiponso mayi NaPhiri, ku Oadby pakhomo panu pomwepo yunivesite ya Leicester ili ndi munda wake wa zomera. Yambirani pamenepo Loweruka lino muone ngati mawondo a amayi akulola.

NaPhiri_Leicester
Zaka 6 ndili mu Leicester, ku Oadby ndimangopitako kukagula zinthu. Manyazi andigwira.

Wa_ku_Munich
Ndikuuzeni zanga kuti amene akufuna Alps weniweni adziwiretu. Chaka changa choyamba kuno ndinamva za munda wa Schachen, pamwamba pa Garmisch-Partenkirchen. Ndinanyamuka kumayambiriro kwa Meyi, nditavala nsapato za m'tauni, osafunsa aliyense. Safunsa anadya phula. Nditayenda maola awiri njira inasanduka sinowo wofika m'maondo, ndinabwerera masokosi akuchucha.

Ndinapitanso mu Julayi. Kulibe basi, kulibe kagalimoto ka pachingwe, ndi mapazi basi, maola atatu kapena kuposa kuchokera ku Elmau. Mundawo uli cha pa mamita 1,860, unatsegulidwa mu 1901, ndipo uli m'manja mwa munda waukulu wa zomera wa ku Munich. Pafupi pake pali nyumba yamatabwa ya mfumu Ludwig II. Nditafika ndinakhala pansi kaye kupuma, kenaka ndinaona mapopi a buluu a ku Himalaya, otalika kufika m'chiuno, mtundu wake ngati thambo la m'mawa mu Juni kwathu. Edelweiss amene amamuimbira nyimbo uja anandikhumudwitsa, ndi kotuwa, kaubweya, ngati kansalu kakale. Ndinachita kugwada kuti ndikaonetsetse, ndipo pafupi ndi pamene umaona kuti ubweyawo ndi chovala chake choteteza ku dzuwa ndi mphepo. Pambali panga mayi wina wachikulire anali atagona chafufumimba pa timiyala ndi kamera, osasamala za aliyense. Patapita mphindi khumi nanenso ndinali chafufumimba.

Ndiye minda ya pamwamba ndi ya pakati pa Juni mpaka kumayambiriro kwa Sepitembala. Mu Epulo khalani kumunsi.

Chitedze77
Maola atatu kukwera phiri kukagona chafufumimba. Kwathu akanakutengerani kwa asing'anga.

Kabaza_wa_ku_Joni
Zoseka pambali, ife a kuno kum'mwera spring yathu ndi Sepitembala ndi Okutobala, ndiye amene ali ku Joni asatengere madeti a ku Ulayawo. Ndipo mapiri tili nawo. Ku Lesotho, pafupi ndi damu la Katse, kuli munda wa zomera pamwamba pa mamita 2,000, komwe amasamala aloe uja masamba ake amazungulira ngati nkhata. Amamera ku Lesotho kokha ndipo ndi woletsedwa kuzula. Kumapiri kumeneko maluwa ambiri amatsegula mvula ikayamba, Novembala mpaka Febuluwale. Bwana wanga wakale ankalima timaluwa tapinki totchedwa Rhodohypoxis, akuti azungu a ku Ulaya amatilimbirana.

Mbewe_wa_ku_Leith
Zoona, m'minda ya pamiyala kuno mukamawerenga tizikwangwani mupeza Lesotho ndi Drakensberg kangapo. Koma timeneto timachedwa, ndi ta kumapeto kwa Meyi kupita m'tsogolo. Mapopi a buluu anenedwa ndi a ku Munich aja nawonso ku Edinburgh aliko, ndipo ku Scotland amakula bwino chifukwa n'kozizira ndi kwachinyezi, koma nthawi yake ndi kumapeto kwa Meyi ndi Juni. Amayi akanyamuka mochedwerako akhoza kuwapeza. Mu Epulo chomwe chidzawazunguze mutu ndi rhododendron. Ambiri mwa iwo anachokera ku Yunnan ku China, komwe George Forrest ankatolera mbewu kuyambira 1904 mpaka anamwalira komweko mu 1932.

GogoWaMaluwa
Chinthu chimodzi chomwe palibe wanena, ndipo ine ndikuwadziwa amayi a kwathu chifukwa ndine mmodzi wa iwo. NaPhiri, uwagwire dzanja. Ife tikaona duwa lokongola pakhomo pa munthu, chala chimapita chokha, kanthambi kali kale m'chitenje. Kuno zimenezo ndi mlandu. Chomera chilichonse chili ndi nambala yake m'kaundula, china chinachokera ku njere zotoledwa paphiri lakutali zaka makumi angapo zapitazo. Ngati mtima wakana, pali malo ogulitsira mbande. Komanso mu Malichi ndi Epulo a Scottish Rock Garden Club ndi a Alpine Garden Society amachita zionetsero m'matauni osiyanasiyana, anthu wamba kubweretsa miphika yawo kudzapikisana, ndipo pakhomo pamakhala ogulitsa.

NaPhiri_Leicester
Agogo mwalasa. Mlungu watha anathyola kale geranium wa aneba, ali m'kapu pawindo la kukhitchini.

Nachisale_Luton
Kkkkk ndafa ine. Koma muwauze kuti kupita nazo kumudzi si nkhani yongokulunga m'thaulo. Zomera zamoyo zimafuna chikalata chotsimikiza kuti zilibe matenda, ndi chilolezo cha kwathu. Zina monga cyclamen, snowdrop ndi ma orchid zili pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loteteza zomera ndi nyama pa malonda, zimafunanso mapepala ena. Azakhali anga analandidwa kathumba ka anyezi a maluwa pabwalo la ndege lina, mpaka lero nkhani yake sinathe.

Mlimi_wa_pa_Khonde
Ndipo ngakhale zitadutsa, sizikapulumuka. Ine ndinatumiza njere za gentian kwa mlongo wanga ku Dedza poganiza kuti kumazizira. Njere zimenezi sizimera zisanamve chisanu cha masabata angapo, ndiye anaziika m'firiji mumchenga wonyowa, magetsi n'kumazimazima. Zinamera zitatu. Zinafika Okutobala n'kupserera, ndipo ya mphamvu yomwe inatsala inaola ndi mvula ya Januwale. Kwathu mvula imabwera nthawi yotentha, izi zinazolowera zosiyana.

Mnyamata_wa_Likhubula
Ndiye mwaona? Dzalani zathu. Amayi akabwerera abwere ku Mulanje, sitiwakweza Chambe, tikawafikitsa pa Dziwe la Nkhalamba pokha.

Chitedze77
Dziwe la Nkhalamba kwa mayi a zaka 68. Mukuwatukwana kapena mukuwaitana?

NaPhiri_Leicester
Zikomo nonse. Tagwirizana chonchi: Loweruka lino Oadby, kuyesa mawondo. Pa 15 tikwera sitima ya ku Edinburgh, tigona masiku awiri. Cambridge tiona ngati ndalama itsale. Switzerland ndidzapita ndekha Julayi wina. Achimwene a ku Leith, nyengo imakhala bwanji pakati pa Epulo? Amayi akufuna kuvala chitenje chawo cha Mvano kuti akajambulitse.

Mbewe_wa_ku_Leith
Avale, koma pansi pake thalauzi yotentha, pamwamba jekete yosalowa madzi. Mphepo ya kuno imachokera kunyanja ndipo siyang'ana kalendala. Mufike m'mawa kukangotsegulidwa, koma gentian mukamuone dzuwa litakwera, chifukwa kukachita mitambo amatseka pakamwa. Ngati mwasochera pa siteshoni ya Waverley lembani pano, ndimaweruka 2 koloko.

GogoWaMaluwa
Ine ndibwera pa 16 ndi sitima ya m'mawa kuchokera ku Glasgow. Ndidzakhala pa benchi ya pamwamba pa miyala ndi fulasiki ya tiyi ndi zitumbuwa. Uwauze amayi abwere ndi manja opanda kanthu, ndipo ndidzawasecha potuluka.